Yogati ndi chambiko zilowe m'mbale ya tsiku ndi tsiku

M'dziko muno yogati timamuona ngati chakudya cha paulendo kapena cha tsiku lolandira malipiro. Amagulidwa pa depoti basi isananyamuke, amatengeredwa wodwala kuchipatala pamodzi ndi nthochi, amapatsidwa kwa mwana amene wakhoza mayeso. Akatha m'kabotolo, nkhani yatha, mpaka mwezi wamawa. Kadyedwe kameneka sikathandiza mafupa a munthu aliyense, chifukwa fupa silimangidwa ndi chakudya chobwera kamodzi pamwezi ngati mlendo. Mfundo yanga ndi yakuti mkaka wosasa, kaya ndi yogati wa m'sitolo kaya ndi chambiko chathu chomwechi, uyenera kuchoka m'gulu la zokometsera pakamwa n'kulowa m'gulu la zakudya za masiku onse. Ndipo zimenezi sizingatheke ndi ulaliki wa zaumoyo wokha. Zingatheke pokhapokha mkakawo ukamakoma m'zakudya zimene timadya kale, monga phala, mbatata, nthochi, mango, malambe, ngakhale nsima.

Fupa timaliona ngati mwala, chinthu chouma chimene chikangokula chakula. Zoona zake n'zakuti fupa ndi lamoyo, limaphwasulidwa ndi kumangidwanso moyo wonse wa munthu. Pafupifupi 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi amakhala m'mafupa ndi m'mano, ndipo kotsalako kamayenda m'magazi kuthandiza mtima kugunda, minofu kugwira ntchito, mitsempha kutumiza uthenga ndiponso magazi kuundana munthu akavulala. Ntchito zimenezi thupi silingaziimitse ngakhale tsiku limodzi. Choncho chakudya chikakhala chopanda kashiamu wokwanira, thupi limakatapa m'mafupa monga mmene banja limatapira m'nkhokwe, ndipo limatero mwakachetechete, popanda ululu kapena chizindikiro chilichonse. Nkhokweyo imadzazidwa kwambiri paubwana ndi paunyamata, ndipo munthu akamafika zaka za m'ma 30 amakhala atafika pachimake. Kuchokera pamenepo imayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo kwa amayi imatsika mothamanga akasiya kusamba, chifukwa mahomoni amene ankateteza mafupa amakhala atachepa. Mapeto ake ndi matenda amene madokotala amawatchula kuti osteoporosis, pamene fupa limaoneka lathunthu kunja koma m'kati lafumbwa ngati chimanga chimene anankafumbwe alowamo. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limati padziko lonse mayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50, ndi bambo mmodzi mwa asanu, adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa. Agogo amene aterereka pabafa n'kuthyoka m'chiuno, kapena amene msana wawo wapindika mpaka akuyenda akuyang'ana pansi, timangoti ndi ukalamba. Nthawi zambiri ndi nkhokwe imene sinadzaze ali achinyamata ndipo inatapidwa kwa zaka zambiri popanda wobwezeramo.

Akatswiri a WHO ndi FAO amalangiza kuti munthu wamkulu azipeza mamiligalamu pafupifupi 1,000 a kashiamu patsiku, ndipo achinyamata a zaka 10 mpaka 18 komanso amayi amene anasiya kusamba azipeza 1,300. Tsopano tiyang'ane mbale yathu. Ufa wa chimanga, umene ndi gawo lalikulu la zimene Mmalawi amadya, uli ndi kashiamu wochepa kwambiri, wosafika ndi mamiligalamu 20 pa magalamu 100. Munthu akhoza kukhuta nsima katatu patsiku, mimba n'kuti ndi, koma mafupa ali ndi njala. Kapu imodzi ya yogati kapena chambiko, ya mamililita 250, imapereka mamiligalamu pafupifupi 300, kuphatikizapo mapuloteni amene fupa limafunanso. Kapu imodzi yokha patsiku yatseka kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munthu wamkulu amafunika. Si zakudya zambiri zimene mwana wa zaka ziwiri ndi gogo wopanda mano angadye mofanana, mosavuta kutafuna, n'kupezamo kashiamu wochuluka chotero.

Umboni wakuti chakudya chokha chingasinthe zinthu ulipo. Mu 2021 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku amene anachitika ku Australia m'nyumba 60 zosungira okalamba, momwe munali anthu oposa 7,000. Theka la nyumbazo linawonjezera mkaka, yogati ndi tchizi pa zakudya za tsiku ndi tsiku, ndipo theka linalo linapitiriza kudya monga kale. Patatha zaka ziwiri, m'nyumba zimene zinawonjezera zamkaka anthu othyoka mafupa anachepa ndi 33 peresenti, ndipo othyoka m'chiuno anachepa ndi 46 peresenti. Sanawapatse mapiritsi atsopano. Ophika anangosintha zolowa mumphika ndi m'mbale, ndipo okalambawo anadya chifukwa chakudyacho chinali chozolowereka ndi chokoma. Kwa ana, phunziro linachokera ku Jos m'dziko la Nigeria, kumene dzuwa ndi lambiri ngati kwathu kuno koma ana ambiri anali ndi miyendo ya matewe chifukwa cha kufewa kwa mafupa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1999 anasonyeza kuti ana amene anapatsidwa kashiamu anachira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D, amene amathandiza matumbo kuyamwa kashiamu, koma dzuwa silingaike m'mbale kashiamu amene mulibe.

Apa ndi pamene nkhani ya kukoma imakhala yofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Timakonda kulekanitsa chakudya chopatsa thanzi ndi chakudya chokoma, ngati kuti chopatsa thanzi chiyenera kumezedwa munthu atatsinzina ngati kwinini. Koma chakudya chimene munthu amadya mokakamizika amachisiya pakatha sabata ziwiri, pamene fupa limafuna zaka makumi. Anthu amene amadya mkaka wosasa tsiku lililonse sadya chifukwa chowerengera mamiligalamu. Ku India amasakaniza yogati ndi madzi ndi mango kapena mchere n'kumwa ngati chakumwa chotchedwa lassi, komanso amamuthira mankhaka ndi zokometsera n'kudyera mpunga. Ku Turkey, kumene dzina lakuti yogati linachokera, amamwa ayran, yogati wosungunula wothira mchere, pambali pa nyama. Ku South Africa amasi amathiridwa pa phuthu, nsima yawo youma yofumbutuka, ndipo ku Zambia Atonga amadyera mabisi nsima. Kwathu konkuno, kumpoto monga ku Karonga, chambiko ndi chakudya chakale cha anthu oweta ng'ombe. Konseku mkaka wosasa unakhazikika chifukwa unapeza malo pambali pa chakudya chenicheni cha anthuwo, ndipo ndi njira yomweyo imene tiyenera kutsata m'makhitchini a ku Ndirande, ku Area 25 ndi ku Chiradzulu.

Malo oyamba ndi phala la m'mawa. Phala la mgaiwa kapena la likuni likaphulidwa n'kuzizirako pang'ono, masipuni anayi kapena asanu a chambiko amalisandutsa chakudya china, chofewa, chowawasira pang'ono ngati thobwa logona. Amene angapeze ufa wa mawere wapeza zabwino koposa, chifukwa mawere ali ndi kashiamu woposa mamiligalamu 300 pa magalamu 100, kuposa mbewu zina zonse zimene timapanga ufa. Mbatata yophika kapena yootcha, imene ambiri amaimeza ndi tiyi kuti isatsamwitse, imayenda bwino kwambiri ndi chambiko chozizira, ndipo kutsekemera kwa mbatatayo kumakwanira popanda shuga. Chimodzimodzi chinangwa, maungu ndi nthochi zophika. M'nyengo ya mango, pamene zipatso zimaolera pansi pa mitengo kuyambira Novembala mpaka Januwale, mango awiri akupsa ofinyira m'kapu ya yogati wosatsekemera amaposa yogati aliyense wa m'sitolo wolembedwa kuti ndi wa mango. Papaya, nanazi wa ku Mulanje, magwafa osefa njere, masuku, nthochi yakupsa yonyenya ndi foloko, zonsezi zimatsekemeretsa mkaka wosasa m'njira yawoyawo, ndipo mwana amene amakana chambiko chokhachokha sakana chikabwera ndi nthochi ndi nsinjiro zokazinga pamwamba.

Malambe ayenera kutchulidwa paokha. Ufa wake uli ndi kashiamu ndiponso vitamini C wambiri, ndipo amayi ogulitsa mafilizesi anazindikira kale kuti ana amaukonda. Kusakaniza ufa wa malambe ndi chambiko, kuthira shuga pang'ono, n'kuumitsa m'timapepala m'firiji kumapereka filizesi yemweyo amene mwana amamulirira pa geti ya sukulu, koma tsopano ali ndi chakudya m'kati m'malo mwa madzi a utoto. Kumbali ya ndiwo, yogati wosatsekemera wothira mchere, adyo ndi madzi a ndimu amakoma pa kachumbali, pa kabichi wosaphika ndi pa mbatatesi, m'malo mwa mayonezi amene mbali yake yaikulu ndi mafuta. Nkhuku kapena nyama yambuzi yogonetsedwa mu yogati usiku umodzi imafewa isanaotchedwe. Mu supu wa nyemba kapena wa nyama, yogati azithiridwa mphika utaphulidwa, chifukwa akawira pamoto waukulu amadukaduka, ngakhale kuti kashiamu wake samawonongeka ndi kutentha. Pali kanthu kena kamene ambiri amalakwitsa: timadzi tachikasu timene timayandama pamwamba pa yogati kapena chambiko sitiyenera kutayidwa. Muli kashiamu wosungunuka, ndipo ndi chifukwa chake yogati wokhuthala wa mtundu wa Greek, amene amasefedwa madzi, nthawi zambiri amakhala ndi kashiamu wocheperako ngakhale ali wokwera mtengo. Timadzito tivundulidwe n'kubwerera momwemo, kapena tithiridwe mu phala.

Wina anganene kuti zonsezi n'zovuta, bwanji osangogula yogati wotsekemera amene ana amamukonda kale? Kashiamu ali momwemo, zimenezo n'zoona, ndipo yogati wa sitiroberi ndi wabwino kuposa botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Vuto ndi shuga. Malangizo a WHO a 2015 amati shuga wowonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo ndi bwino kwambiri atakhala pansi pa magalamu 25, omwe ndi masipuni a tiyi asanu ndi imodzi. Yogati wotsekemera amatha kudya gawo lalikulu la muyezo umenewu m'botolo limodzi, munthu asanathire shuga mu tiyi ndi mu phala. Chinthu chodya kamodzi pamwezi chikhoza kukhala chotsekemera mmene chingathere, koma chinthu chodya tsiku lililonse, m'dziko limene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuchuluka, chiyenera kukhala chosatsekemera kuti mwini wake aziika yekha muyezo. Banja limene linazolowera wotsekemera lingayambe ndi kusakaniza theka ndi theka, kenaka n'kumachepetsa wotsekemerayo mpaka lilime litazolowera.

Chodandaula china chimamveka pafupipafupi: mkaka umanditsegula m'mimba. Dandaulo limeneli ndi loona ndipo siliyenera kunyozedwa. Anthu ambiri akumwera kwa Africa akakula matupi awo amachepetsa mphamvu yogaya lactose, shuga wachilengedwe wa mumkaka, ndipo akamwa kapu ya mkaka wamadzi mimba imadzaza mpweya, imalira, nthawi zina n'kutsegula. Koma apa ndi pamene mkaka wosasa umapambana. Tizilombo tabwino timene timasasitsa mkaka timadyako lactose n'kumusandutsa asidi amene amapereka kuwawasa kuja, ndipo tizilombo ta mu yogati, Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus, timapitiriza kuthandiza kugaya lactose ngakhale tafika m'matumbo. Ndi chifukwa chake anthu ambiri amene mkaka umawavuta amadya yogati popanda vuto, makamaka akayamba ndi theka la kapu ndiponso akamadyera pamodzi ndi chakudya china. Makolo amene ankasasitsa mkaka m'chikho anapeza yankho limeneli kalekale asanadziwe dzina la lactose. Amene thupi lake limatupa, kutuluka ziwengo kapena kubanika akadya chilichonse chamkaka ali ndi vuto lina losiyana, ndipo ameneyo apewe ndi yogati yemwe n'kukaonana ndi achipatala.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi la ndalama, ndipo limabwera ndi funso loyenera: kodi usipa sukwanira? Usipa, matemba, bonya ndi kapenta, zodyedwa ndi minga ndi mitu yomwe, ndi nkhokwe yaikulu ya kashiamu imene Amalawi ambiri amadalira, ndipo munthu wosauka asauzidwe kuti asiye usipa n'kukagula kabotolo ka yogati. Masamba monga mpiru, repu, chayinizi, nkhwani ndi chammwamba nawonso amathandiza, ngakhale kuti ena monga bonongwe ali ndi zinthu zimene zimamanga gawo la kashiamu wake kuti thupi lisamuyamwe yense. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti tiyenera kusankha chimodzi. Nsomba nazo zakwera mtengo, zimasowa nyanja ikachita mwera, ndipo kambale ka usipa kogawana anthu asanu ndi awiri sikafikitsa aliyense pa mamiligalamu 1,000, makamaka mwana wamng'ono amene amangopatsidwa msuzi. Komanso mtengo umene timauopa ndi wa kabotolo, shuga, utoto ndi firiji ya m'sitolo. Mkaka weniweniwo, kwa amene ali pafupi ndi alimi a ng'ombe zamkaka ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Blantyre, kuzungulira Lilongwe ndi Mzuzu, ndi wotsika mtengo kwambiri pa lita poyerekeza ndi yogati wa m'sitolo. Alimi amenewa amagulitsa mkaka kudzera m'magulu osonkhanitsa mkaka, pansi pa mabungwe monga Shire Highlands Milk Producers Association, ndipo mkaka ndi katundu wosachedwa kuwonongeka magetsi akazima pamalo oziziritsira. Mabanja ambiri akamagula mkaka wosasitsa pakhomo, mlimi amapeza msika wachiwiri pafupi ndi khola lake.

Kupanga yogati pakhomo sikufuna makina. Mkaka uwiritsidwe kaye, ndipo apa palibe kunyengerera, chifukwa mkaka wosawiritsa ungathe kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda a brucellosis, ndipo kusasa pakokha sikupha tizilombo timeneti modalirika. Ukawira, uzizire mpaka pafupifupi madigiri 43, pamene chala chotsuka bwino chingathe kukhalamo osapsa. Pa lita imodzi athiremo masipuni aakulu awiri a yogati wosatsekemera, avundule, atseke, n'kuika mu fulasiki kapena kukulunga mphikawo ndi bulangete kwa maola 6 mpaka 8. Wokonzedwa madzulo amakhala atagwira m'mawa, ndipo masipuni awiri otsala amakhala mbewu ya mawa lake. Chambiko cha m'sitolo nachonso chimagwira ntchito ngati mbewu, ndipo icho sichifuna kufunda kwambiri, chimagwira pa kutentha kwa m'nyumba pakatha tsiku. Nyumba yopanda firiji ipange wokwanira tsiku limodzi kapena awiri, m'ziwiya zotsukidwa ndi madzi otentha. Kwa makanda, miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndi ya bere lokha, ndipo pambuyo pake yogati wosatsekemera angalowe mu phala monga chowonjezera, kuyamwitsa kukupitirira.

Otsutsa ena amati makolo athu sankadya yogati koma ankalima mpaka kukalamba osathyoka. Muli choonadi m'mawu amenewa, ndipo ofufuza anaonadi m'madera ena a Africa, monga kumidzi ya ku Gambia, kuti anthu odya kashiamu wochepa sankathyoka mafupa kwambiri monga azungu. Koma moyo umene unkateteza makolowo ukusintha. Ankayenda mitunda italiitali, ankasenza, ankasinja, ankalima, ndipo fupa limalimba likamanyamula katundu. Ankakhala padzuwa, ankadya mawere ndi masamba akutchire. Mdzukulu wawo amakhala pampando mu ofesi kapena m'kalasi, amakwera kabaza pa mtunda woyenda mphindi khumi, ndipo amadya mchere wambiri, umene umachititsa thupi kutaya kashiamu mumkodzo. Tikukhalanso ndi moyo nthawi yaitali: cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala zaka za m'ma 40, pamene lero ndi zoposa 60, kutanthauza kuti ambiri tidzafika pa msinkhu umene mafupa amathyoka. Palinso mankhwala ofunika kwambiri amene amachepetsako kulimba kwa mafupa, monga tenofovir amene ali m'ma ARV a anthu ambiri, ndi jakisoni wolera wa Depo-Provera. Mankhwalawa akupulumutsa miyoyo ndipo palibe ayenera kuwasiya chifukwa cha nkhani ino, koma amene akuwalandira ali ndi chifukwa chowonjezera chosamalira zimene akudya. Amene akufuna kumwa mapiritsi a kashiamu ali pa ma ARV afunse kaye kuchipatala za nthawi yomwera, ndipo amene walandira ciprofloxacin kapena tetracycline asamwere mkaka kapena chambiko, chifukwa kashiamu amalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi.

Sindikunena kuti yogati ndi mankhwala a mafupa. Munthu wosuta fodya, womwa mowa mwauchidakwa, wosayenda, sangapulumutsidwe ndi kapu ya chambiko. Koma pa zinthu zonse zimene zimalimbitsa fupa, chakudya ndi chimene banja limachigwira m'manja katatu patsiku, ndipo kuthyoka m'chiuno kwa munthu wokalamba ndi tsoka limene limagwera banja lonse: masabata ambiri chigonere m'chipatala, womudikirira atasiya munda kapena bizinesi, ndipo ambiri sayendanso monga kale. Zipatala zothandiza mafupa monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi LION ku Lilongwe zili kutali ndi midzi yambiri, pamene mphika wa mkaka uli pafupi ndi aliyense amene ali ndi mnansi woweta ng'ombe kapena mbuzi yamkaka.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaumoyo ndi amayi a m'magulu ophunzitsa kadyedwe ka magulu asanu ndi limodzi, kuti akamaphunzitsa za zakudya zochokera ku nyama asamathere pa mazira ndi nsomba, koma aziphika phala la chambiko pamaso pa anthu n'kuwalawitsa. Likupitanso kwa makampani a mkaka, kuti yogati wosatsekemera azipezeka m'mabotolo aakulu otsika mtengo mpaka m'magolosale a m'makwalala, osati m'masitolo aakulu a m'tauni mokha. Ndipo kwa inu makolo amene muli ndi mtsikana kapena mnyamata wa zaka 10 mpaka 18 m'nyumba, dziwani kuti zaka zimenezi ndi zimene mafupa ake akumangidwa mothamanga kuposa nthawi ina iliyonse. Muyambe sabata ino ndi lita imodzi ya mkaka wowiritsa, masipuni awiri a yogati ndi chipatso chimene chili m'nyengo yake.